Wankhonya wa zaka 43 wa ku Angonia: chifukwa chimene ndinakanira kusayina chikalata chake

Ndimagwira ntchito ya zachipatala m'boma la Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kwa zaka zingapo tsopano makochi a nkhonya amandiitana kuti ndiziyeza anyamata awo asanalowe mu ring'i. Nkhani ili m'munsimu ndi ya munthu mmodzi amene ndinamutsatira kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mwiniwake anavomera kuti ndilembe bola dzina lisatuluke, choncho ndizingowatchula kuti achimwene, monga momwe ndimawaitanira tikakumana. Ndalembera anzanga a zaumoyo, makochi, ndi mabanja amene ali ndi munthu wotere pakhomo.

Mmene anabwerera

Kunali kumapeto kwa September, anthu ali kalikiriki kusakasaka ndalama ya feteleza. Achimwene analowa atapinda kapepala m'dzanja. "Adokotala, ndangobwera ndi kachikalata kaja. Musavutike, ndili bwinobwino." Pulomota wina, munthu wokonza ndewu zolipidwa, anali atawalonjeza ndewu ya maraundi 6 mumzinda wa Tete kumayambiriro kwa November, ndi mnyamata wa zaka 27. Malipiro ake anali 30,000 meticais, kupambana kapena kugonja. Chimene chinatsala ndi siginecha yanga yokha.

Nditasuzumira panja ndinaona akazi awo atakhala pa benchi, manja ali pamiyendo. M'zaka zonse zimene ndawadziwa, alamuwa anali asanaperekezepo amuna awo ku nkhani ya nkhonya. Ndinadziwa kuti pali mawu.

Mbiri yawo

Zaka 43, kutalika mamita 1.87, kulemera makilogalamu 108. Pamene anali pachimake ankalemera 96. Mu nkhonya zolipidwa, kwa mabungwe ambiri, wopitirira makilogalamu 90.7 ali m'gulu la heavyweight, ndipo gululi lilibe malire kumwamba, ndiye makilogalamu 12 oonjezerekawo palibe anawafunsapo.

Anayamba nkhonya ali ndi zaka 19 ku Moatize. Ndewu za amateur, zosalipidwa, akuti zinali pafupifupi 40, zolipidwa 22. Atandiuza manambalawa anamwetulira, chifukwa kwa munthu wa msinkhu wawo ndi ochepa, ndipo amenewo ndi amene pulomota amaona. Koma ine chimene ndinakakamira ndi zaka 8 zimene anakhala ku Joni. Kumeneko masana ankagwira ntchito yaulonda, madzulo n'kumapita ku jimu ina kumene ankawalipira kuti azichita sparring, kumenyana koyeserera, ndi akuluakulu okonzekera ndewu zawo. Ntchito ya munthu wa sparring ndi kupereka thupi lake kuti mnzake anolerepo nkhonya. Akamenya kwambiri amamuchotsa, akamagwa msanga amamuchotsanso. Amene amakhalitsa ndi wolimba chibwano, wotha kulandira osadandaula, ndipo achimwene anakhalitsa.

Tinawerengera limodzi kuseri kwa kapepala kawo komweko. Masiku 3 pa sabata, maraundi 6 pa tsiku, masabata 40 pa chaka, zaka 8. Zinakwana maraundi 5,760. Ndewu zawo zonse zolipidwa, ngakhale iliyonse ikanafika raundi yachisanu ndi chimodzi, zikanangokwana maraundi 132. Anayang'ana manambala awiriwo kwa kanthawi, kenako anati, "Koma kujaku timavala chipewa." Chipewa cha sparring chimateteza khungu kuti lisang'ambike ndi makutu kuti asatupe. Ubongo uli m'kati mwa chigaza, woyandama m'madzi ake, ndipo mutu ukatembenuzidwa mwadzidzidzi umagwedezeka basi, chipewa chilipo kapena palibe.

Nditafunsa kuti anagwetsedwa mpaka kulephera kupitiriza kangati, anati kawiri. Alamu pambuyo pake anati kanayi, n'kutchula malo ake onse.

Kulakwa kwanga

Ndewu yawo yomaliza inali miyezi 11 m'mbuyomo, ndipo amene anasayina chikalata chake ndine. Tsiku limenelo panali mzere wa anyamata khumi ndi awiri. Ndinawayeza BP, yomwe inali yokwererako koma ndinati ndi mantha a ndewu, ndinamvetsera mtima ndi mapapo, ndinaona manja, n'kusayina. Mphindi zisanu sizinakwane. Maso sindinawayeze, mbiri ya sparring sindinafunse, ndipo akazi awo sindinalankhule nawo.

Usiku wa ndewuyo ndinakhala m'mbali mwa ring'i. M'raundi yachitatu analandira dzanja lamanja pa tsaya lakumanzere n'kugwa chagada. Anadzuka oyimbira atawerenga kufika pa 8. Belu litalira anayenda kulunjika ku kona ya mdani wawo, mpaka kochi anachita kuwakoka pamkono. Anthu anaseka, ena akuimba mluzu. Ine ndinaona, ndinadziwa tanthauzo lake, koma ndinakhala chete poganiza kuti mphindi imodzi yopumayo iwatsitsimutsa. M'raundi yachinayi anamenyedwanso nkhonya zambiri zosayankha oyimbira asanaimitse. Raundi yachinayiyo sinayenera kuchitika, ndipo amene akanailetsa ndine. Ndalemba izi chifukwa zonse zimene ndinachita ulendo uno zinachokera pa usiku umenewo.

Zimene alamu anandiuza

Ndinapempha achimwene kuti ndilankhule ndi akazi awo paokha, ndipo anavomera monyinyirika. Alamu anayamba ndi mutu. Itatha ndewu ija amuna awo anadwala litsipa kwa milungu itatu, akumwa paracetamol m'mawa ndi madzulo, osauza munthu. Kenako anafotokoza zinthu zing'onozing'ono zimene mlendo sangaone. Kufunsa chinthu chimodzi kawiri pa chakudya chimodzi. Kulipira thumba la mbewu ya mbatatesi ku msika wa Ulongwe n'kubwera kunyumba chimanjamanja, osakumbuka kuti alisiya kwa ndani. Kupsa mtima pa zazing'ono, munthu amene ana ake anakula osamumvapo akukalipa. Ndiponso lilime: akatopa madzulo mawu amatuluka ngati alawa mowa, pamene sanalawe.

"Adokotala, ine ndinawauza kuti ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa kungakuchere. Amati ndikuwachitira nsanje. Inu mwina akumverani." Anatero akuyang'ana pansi.

Zimene ndinapeza powayeza

BP inali 158/98, ndipo nditabwereza masiku awiri osiyana sinatsike pansi pa 150/95. Shuga anali bwino. Ndinayezanso magazi, malungo, HIV ndi chindoko, chifukwa kuiwalaiwala kwa munthu wa zaka za m'ma 40 kuli ndi zoyambitsa zambiri, ndipo si nzeru kuthamangira kuloza nkhonya usanachotse zinazo. Zonse zinatuluka bwino. Mowa amamwa wamasese pa maliro ndi pa zikondwerero, kachasu ayi, ndipo alamu anavomereza zimenezo.

Manja anali a munthu wa ntchito yake: mfundo ya chala chapakati cha kumanja yophwatalala, chala chaching'ono chosatambasuka bwino. Koma atandigwira dzanja ndinachita kupempha kuti andisiye. Mphamvu zilipo zonse.

Ndinajambula mzere ndi choko pa simenti n'kuwauza kuti ayende chidendene chikugunda chala. Pa mapazi khumi anaponda kunja katatu. Kuima ndi mwendo umodzi maso otsinzina sanafike masekondi asanu mbali zonse ziwiri. Munthu ameneyu kale ankadumpha chingwe mphindi khumi osakodwa. Pogwira mphuno yawo ndi chala changa mosinthanasinthana, dzanja lamanzere linkafika mochedwa ndipo kawiri linapitirira.

Ndinawapatsa mawu asanu oti asunge: mbuzi, khasu, njinga, Dedza, chofiira. Anawabwereza bwino pompo. Patapita mphindi zisanu anakumbuka mbuzi ndi Dedza basi. Miyezi ya pachaka chobwerera m'mbuyo anainena m'Chipwitikizi monga anaphunzirira kusukulu, Dezembro, Novembro, Outubro, n'kudumphira ku Julho, n'kuima. Sukulu analekeza kalasi 7, ndipo zimenezi ndinaziganizira, koma munthu amene wakhala akugulitsa mbatatesi ndi kuwerengera ndalama za mayiko atatu sayenera kusochera pa miyezi.

Kenako maso. Lakumanja linawerenga 6/6 pa tchati cha maso, kutanthauza kuti limaona bwino. Lakumanzere 6/24, kutanthauza kuti limaona mofooka, ndipo nditaunika ndinaona kamtambo m'kati mwa mwanadiso, ng'ala yoyamba kumene, ya mtundu umene umabwera diso likamenyedwa. Apa m'pamene zinthu zinalumikizana. Dzanja lamanja la mdani limabwerera mbali ya kumanzere. Nkhonya imene inawagwetsa miyezi 11 yapitayo inachokera kumene diso lawo silionako bwino. Nditawafunsa anavomera kuti diso limenelo lakhala la chifunga kwa zaka ziwiri, koma ankati ndi fumbi la kumunda.

Ku jimu

Sindinafune kuweruza munthu wa nkhonya ndi choko chokha, ndiye Loweruka lotsatira ndinapita kumene amachitira masewera. Ndi chipinda chakale chosungiramo chimanga, thumba la mchenga litapachikidwa pa mtanda wa denga. Pa thumbalo achimwene anali ochititsa mantha. Akaponya dzanja lamanja malata ankalira, fumbi n'kutsika kuchokera kudenga, anyamata akukuwa. Aliyense woona zimenezo akanati munthuyu ali ndi ndewu zina zisanu m'thupi.

Sparring ndinakana kuti achite. M'malo mwake ndinapempha kochi kuti agwire mapadi, ndipo achimwene akaponya jab, nkhonya yolunjika ya dzanja lakutsogolo, iye aziwagunda mopepuka paphewa lakumanzere ndi padi. Pa maulendo khumi anatchinga awiri. Jab ikatuluka, dzanja linkabwerera m'munsi, cha pachifuwa, osati pa tsaya, ndipo linkabwerera mochedwa. Miyendo inali yomatirira pansi. Pofika mphindi yachiwiri ya raundi yachitatu pakamwa panali pululu, akupuma ngati munthu wokwera phiri la Domwe ndi katundu. Kuno n'kumtunda kozizira. Ku Tete mu November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo holo ikadzaza anthu usiku mpweya umachita kusowa.

Kochi anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana. Iye ankadziwa kale, koma ndi wamng'ono kwa achimwene ndi zaka khumi, ndipo nkhonya anaphunzira kwa iwo omwewo. Sakanatha kuwauza.

Chithunzi cha mutu

Chifukwa cha litsipa la milungu itatu lija ndi kusintha kwa khalidwe, ndinawatumiza ku chipatala chachikulu kuti akajambulidwe mutu pa makina a CT. Chimene ndinkaopa ndi magazi oundana pakati pa ubongo ndi chikopa chake. Munthu akamakula ubongo umanyala pang'ono, timitsempha tolumikiza ubongo ndi chigaza timakokeka, ndipo timaduka mosavuta kusiyana ndi ta mnyamata. Magaziwo amatha kudontha pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi munthu akuyenda. Kukha magazi kwa mtundu umenewu n'kumene kumapha ankhonya ambiri amene amafa chifukwa cha ndewu.

Anakwera chapa (minibasi) kupita, anagona kwa achibale, n'kubwerako patapita masiku anayi akugwedeza envelopu m'mwamba. Magazi oundana munalibe, chotupa munalibe. "Mwaona adokotala? Makina anena kuti mutu uli bwino. Sayinani."

Apa anzanga a zaumoyo asamale kwambiri. CT imaona magazi, chotupa ndi fupa losweka. Siiona kuwonongeka kwa pang'onopang'ono kumene kumadza ndi nkhonya zikwizikwi. Matenda amenewa dokotala wa ku New Jersey, Harrison Martland, anawafotokoza mu 1928 ataona ankhonya akale oyenda modzandira ndi olankhula molemera lilime. Lero amatchedwa CTE, ndipo amatsimikizika poyeza ubongo munthu atamwalira. Wamoyo timamuweruza ndi zimene tikuona: kayendedwe, kalankhulidwe, kukumbukira, ndi umboni wa amene amakhala naye. Chithunzi choyera chinandichotsera nkhawa imodzi, koma mzere wa choko uja sichinaufufute.

Nkhani ya George Foreman

Ndinkadziwa kuti dzinali lituluka, chifukwa palibe wankhonya wamkulu amene salitchula. "Nanga Foreman? Anatenga lamba ali ndi zaka 45. Ine ndili ndi 43. Galu wamkota sakandira pachabe, adokotala."

Zoona, pa 5 November 1994 ku Las Vegas, George Foreman anagwetsa Michael Moorer wa zaka 26 m'raundi ya 10 n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Koma ndinawauza achimwene mbali imene anthu saikamba. Foreman anasiya nkhonya mu 1977 atagonja kwa Jimmy Young, n'kukhala zaka khumi osamenyedwa m'mutu, akulalikira mu tchalitchi, mpaka anabwerera mu 1987. Pa ndewu zake 81 analephera kumaliza kamodzi kokha, kwa Muhammad Ali ku Kinshasa mu 1974. Ndewu zake zambiri zaunyamata zinkatha m'maraundi oyambirira, iye ndiye akumenya. Pa zaka 45 mutu wake unali utalandira zochepa kuposa mitu ya anzake a zaka 35. Ndipo ngakhale usiku wa Moorer umene, majaji onse atatu anali atamuika m'mbuyo mpaka nkhonya imodzi ija inalowa. Achimwene pa msinkhu umene Foreman ankapuma, iwo anali ku Joni akulandira maraundi 18 pa sabata.

Ndinawakumbutsanso za Ali amene amamukonda kwambiri. Dokotala wake, Ferdie Pacheco, anamusiya mu 1977 itatha ndewu ya Earnie Shavers chifukwa Ali anakana kupuma. Mu October 1980, ali ndi zaka 38, anamenyedwa maraundi khumi ndi Larry Holmes, amene kale anali mnyamata wake wa sparring, mpaka kochi wake Angelo Dundee anaimitsa ndewu. Anabwereranso mu December 1981 n'kugonja kwa Trevor Berbick ku Nassau. Mu 1984 madokotala anamupeza ndi matenda a Parkinson. Jerry Quarry, amene anamenyana ndi Ali ndi Joe Frazier, analowanso mu ring'i mu 1992 ali ndi zaka 47 ubongo utayamba kale kuonongeka, ndipo anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 53. Evander Holyfield bungwe la masewera la New York linamulanda chilolezo mu 2004 atagonja kwa Larry Donald ali ndi zaka 42, koma anapeza kwina komenyera mpaka 2011.

Amene anachoka okha aliponso. Lennox Lewis analengeza kupuma mu 2004 ali ndi zaka 38, lamba ali m'chiuno. Wladimir Klitschko anagonja kwa Anthony Joshua ku Wembley mu April 2017 ali ndi zaka 41, mwayi wa ndewu yobwereza ya ndalama zankhaninkhani unalipo, koma mu August chaka chomwecho anati basi.

Mukaika mayina onsewa pamodzi, zaka zobadwa zokha sizikuyankha funso. Wina watha pa 36, wina akadali woopsa pa 41 monga Zhang Zhilei pamene anagwetsa Deontay Wilder mu 2024. Ankhonya a heavyweight amakhalitsa kuposa a magulu opepuka pa zifukwa zomveka: savutika ndi kudzisala chakudya ndi madzi kuti akwane pa sikelo, ndewu zawo zimayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu akuluakulu otere ndi ochepa, ndiye mapulomota amawafunabe. Kuno kwathu kusowa kwawo n'kwakukulu zedi, ndipo n'chifukwa chake foni ya achimwene imalirabe. Koma kukhalitsa komweko ndiko msampha. Nkhonya ya munthu wa makilogalamu 108 imakhalabe yolemera ngakhale atakalamba, poti thupi lonse lili kumbuyo kwake. Zimene zimayamba kutha ndi zotetezera: diso loona nkhonya ikunyamuka, khosi lolewa, miyendo yochoka pamalo, mpweya wa raundi yachisanu. Munthu akamenya thumba amamva mphamvu zake zili chimodzimodzi n'kukhulupirira kuti sanasinthe. Thumba silibwezera, ndiye chimene chatayika sachiona mpaka tsiku la ndewu.

Chigamulo

Ndinakana kusayina, ndipo ndinalemba zifukwa zake pa chikalatacho kuti wina asadzangochidinda mosadziwa. Diso lakumanzere lokha linali lokwanira. BP yosagwidwa ndi mankhwala yokha inali yokwanira kuimitsa ndewu ya November. Koma ndinawauza mosabisa kuti ziwirizi zimachizika, ndipo chimene ndikukanira si cha November chokha. Kuiwala, kudzandira pa mzere, lilime lolemera madzulo, kugwetsedwa kanayi ndi maraundi zikwi zisanu ndi kuposa a sparring, zikaikidwa pamodzi zikunena kuti mutu umenewu usalandirenso nkhonya. Ndewu ayi, sparring ayi, ngakhale yosewera.

Malamulo a amateur amaika malire a gulu la akuluakulu pa zaka 40, ndipo wogwetsedwa ndi nkhonya ya m'mutu mpaka kulephera kupitiriza amapumitsidwa masiku osachepera 30. Mu nkhonya zolipidwa mulibe chaka chimodzi chimene dziko lonse linagwirizana, ndipo Mike Tyson anamenyana ndi Jake Paul mu November 2024 ali ndi zaka 58. Choncho katundu yense amagwera amene wagwira cholembera. Ine maganizo anga tsopano ndi awa: wankhonya akadutsa zaka 35, kuyeza kwa mphindi zisanu pa mzere n'kosakwanira. Ayezedwe maso lililonse palokha, ayende pa mzere, apatsidwe mawu osunga, awerengeredwe maraundi a sparring, ndipo munthu wa pakhomo pake afunsidwe iye kulibe. Zonsezi sizifuna makina. Choko, tochi ndi tchati cha maso zimapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse.

Achimwene sanakalipe. Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita mfundo yophwatalala ija ndi chala chachikulu. Kenako anati, "Ndiye feteleza mundigulira ndinu?"

Funso limenelo linali lachilungamo, ndipo ndinalibe yankho lokwanira. Munthu ali ndi ana anayi, awiri ali ku sekondale, ndi munda wa mbatatesi ndi chimanga umene popanda feteleza suberekanso. Anthu amati ankhonya okalamba amabwerera chifukwa cholakalaka kutchuka, ndipo kwa ena n'zoona, koma kwa achimwene inali nkhani ya matumba a feteleza mvula isanagwe. Ndinadziwanso kuti kukana kwanga sikumanga munthu miyendo. Malire a Calómuè ali pafupi, Zóbuè si patali, ndipo ndewu za m'mabala zopanda dokotala zilipo. Ndikanangokana n'kuwatsekera chitseko, ndikanawakankhira kumeneko.

Ndiye tinakhala pansi anthu anayi: iwo, alamu, kochi ndi ine. Kenako tinaitana malume awo, chifukwa nkhani yotere kwathu kuno siitha popanda mwini mbumba. Malumewo ndi amene anapereka ng'ombe yaing'ono kuti igulitsidwe, ndalamayo idzabwezedwe pokolola. Kochi anapereka masiku awiri pa sabata kuti achimwene aziphunzitsa achinyamata, makolo akumasonkha kangachepe. Chiyambireni pamene Alcinda Panguana ndi Rady Gramane anabwera ndi mamendulo kuchokera ku mpikisano wa dziko lonse ku Istanbul mu 2022, atsikana nawonso ayamba kufunsa za nkhonya, ndipo jimu ija ili ndi asanu. Tinagwirizana kuti achimwene azigwira mapadi ndi kuphunzitsa kaimidwe, koma magolovesi a sparring azikhala ndi kochi kunyumba kwake.

Pa BP ndinawayambitsa amlodipine 5 mg kamodzi pa tsiku, n'kuwauza za mchere ndi kulemera kwa thupi. Kuthamanga m'mawa, chingwe ndi thumba ndinawalimbikitsa kuti asasiye, chifukwa wankhonya akangokhala pansi mwadzidzidzi thupi limafufuma ndipo mtima umagwa ulesi ndi chisoni. Pa diso ndinawalembera kalata yopita kwa a zamaso.

Zotsatira

Ndewu ya November inachitika popanda iwo. Pulomota anawaimbira kawiri, ulendo wachiwiri akunena kuti apeza dokotala wina woti asayine. Alamu ndi amene anayankha foni imeneyo.

Pa mwezi wachitatu BP inali 142/90, kulemera makilogalamu 105. Mu January kochi anandiuza kuti tsiku lina iye atachedwa ndi mvula, anapeza achimwene atabwereka magolovesi akuchita sparring ndi mnyamata wa makilogalamu 80, akuti ankangomuonetsa. Mnyamatayo anawagunda kawiri ku tsaya lakumanzere. Nditawafunsa sanakane. Anati thupi limayabwa belu likalira, ndipo ndinawakhulupirira, poti zaka 24 si masewera. Ndinapita kukalankhula ndi anyamata onse a mu jimu, n'kuwauza kuti amene adzaponyere achimwene nkhonya ya m'mutu, ngakhale atapemphedwa ndi eniake, chikalata chake sindidzasayina. Kuyambira pamenepo sizinamvekenso.

Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, mu March, BP inali 134/86 ndipo sikelo inasonyeza 102. Litsipa linasiya. Pa mawu asanu atsopano anakumbuka atatu. Pa mzere wa choko anaponda kunja kawiri. Kusinthaku n'kochepa kwambiri moti sindikuwerengera ngati kuchira, koma sizinaipirepo. Alamu akuti kufunsa kawiri kukadalipo, kupsa mtima kwachepa, ndipo tsopano ali ndi kakope kamene amalembamo ngongole ndi zogula za kumsika.

A zamaso anatsimikiza za ng'ala ndipo awaika pa mndandanda wa opaleshoni. Potuluka tsiku limenelo anaima pakhomo n'kutembenuka. "Adokotala, diso likakonzedwa, kamodzi kokha, maraundi anayi. Kotsanzika basi." Ndinawayankha kuti ayi achimwene, ngakhale imodzi, ndipo ndinawalembera tsiku lobweranso akamaliza kukumba mbatatesi.